Nthenga Zimene Sizinafike ku Guruwe

Ulendo wa ku Guruwe ndinauwononga tisananyamuke n'komwe. Ena amalakwitsa ali m'njira, atatopa kapena atapsa mtima. Ine ndinalakwitsa m'nyumba mwanga, m'mawa, nditamwa tiyi, mutu ukugwira bwinobwino.

Amayi anga anali ndi alongo awo awiri. Aang'ono, a Labisoni, ndi amene anandilera kumudzi kwathu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Aakulu, a Yohane, anawolokera ku Mozambiki ali mnyamata kukathyola tiyi, n'kukwatira komweko, dzina n'kusanduka Jowawo. Chaka cha ulendowu kunabwera uthenga woti maso awo afa ndipo thupi likukana. Sanapemphe mankhwala kapena chakudya. Anangoti Labisoni abwere ndi chisoti cha bambo, adzachigwireko.

Chinali chisoti cha nthenga chimene agogo anga ankavala povina tchopa. Chinali ndi nthenga zoyera za kakowa, zakuda za tsekwe, ndi imodzi yaitali ya vuwo pakati. Amalume a Labisoni ankachisunga m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, pansi atayala masamba a fodya kuopa njenjete. Poti ine ndi amene ndimadziwa zamapepala kwathu, anati ndiwaperekeze.

Vuto linali loti ndinali mlembi wa komiti yoteteza mbalame kudera kwathu, ndipo udindowo unandilowa m'mutu. Sindinganene kuti ntchitoyo inali yachabe. Nyanja itaphwa nsomba n'kusowa, aliyense anatembenukira ku mbalame. Ndinaona ndi maso anga matumba a mbalame zowamba akupita kumsika panjinga tsiku ndi tsiku, mpaka madambo amene kale ankasokosa anangoti zii. Tinatseka malo oswanira, tinaletsa maukonde, ndipo mbalame zinayamba kubwerera. Kenaka tinatsata ovina. Tinkagula nthenga kwa ogulitsa nkhuku zoyera, kuzinyika mu utoto, amayi n'kusoka zisoti zokongola ndithu, ine n'kumayenda nazo m'magulu a tchopa kuwauza asiye nthenga za kutchire. Ndiye mlembi yemweyo akaoneke pachipata cha dziko atanyamula nthenga ya vuwo? Ndinkaopa kugwidwa, koma kunena zoona, ndinkaopa kwambiri kusekedwa ndi anthu amene ndinawalalikira.

Amalume anabweretsa ndowa kwathu dzulo lake, ataimanga kale ndi mphira wa chubu, poti njinga zamoto zinkadzatitengera pamenepo. M'mawa, iwo asanafike, ndinamasula mphira uja. Ndinachotsa chisoti cha agogo, ndinachikulunga m'thumba n'kuchipachika kudenga, ndipo m'ndowa ndinaikamo chimodzi mwa zathu za nkhuku. Fodya ndinamusiya momwemo. Mkazi wanga anaima pakhomo akundiyang'ana.

"Mudzawauza liti?" anafunsa.

"Tikawoloka. Akaona kuti tadutsa bwino adzamvetsa."

Anangotenga makapu n'kutuluka.

Wanjinga anafuna kumanga ndowa kumbuyo, amalume anakana. Anaikhazika pamiyendo, pakati pa iwo ndi woyendetsa, ndipo mnyamatayo anadandaula njira yonse kuti ikumubaya msana. Tinafika pa Chiringa dzuwa lisanakwere, tili mbuu ndi fumbi.

Pa Chiringa panali kalole kopita ku Muloza, ndipo oitanira ankati kwatsala anthu awiri okha. Anthu awiriwo tinawadikira maola atatu. Ena amene tinawapeza atakhala m'galimoto anali ongodzaza malo. Akaona wokwera weniweni ankatsika mmodzimmodzi ngati akukagula mango. Amalume zimenezi sizinawavute. Anagula chinangwa chootcha, anandinyemerako, ndowa ili pamiyendo ngati mwana wodwala.

Pamenepo ndi pamene ndikanakonza zinthu. Njinga zinali mbweee pansi pa mtengo, ndipo kupita kwathu n'kubwerako ndikanapeza kalole kaja kakudikirabe anthu ake awiri. Ndinaziganiza, ndinayang'ana njingazo, ndipo ndinakhala. Nthawi imeneyo ndinkakhulupirirabe kuti ndachita zanzeru, ndiponso kuti munthu wokalamba umamuthandiza osamufunsa.

Msewu wa kuseri kwa phiri unatigwedeza mpaka mano kuwawa. Tinatsika kawiri kuti galimoto ikwere chitunda, ndipo pena tinaima kudikira munthu amene anakatenga mbuzi kumudzi. Pachipata cha dziko pa Muloza tinafika masana, anyamata osintha ndalama atatizinga tisanatsike. Tinasintha makwacha athu, tinaima pamzere, zikalata zinadindidwa popanda vuto. Tsidya linalo msilikali wina analoza ndowa.

Kunyumba ndinkaopa kuti akatsegula adzapeza nthenga za vuwo. Tsopano ndinkaopa kuti akatsegula amalume aona nkhuku.

"Muli chiyani umu, madala?" anafunsa m'Chichewa chake cha kumeneko.

"Chisoti cha malemu bambo anga. Ndikukaonetsa mkulu wanga, akudwala ku Guruwe."

"Cha gule?"

"Cha tchopa."

Msilikaliyo anamwetulira, anati nayenso agogo ake ankavina, n'kutikodola kuti tidutse. Mphira sanaukhudze n'komwe. Chinthu chimene ndinachiopa sabata yathunthu chinatha m'mawu anayi, ndipo amalume anandiyang'ana n'kuti, "Waona, mphwanga? Anthu amadziwa."

Ndinali nditalonjeza kuti tikawoloka ndinena. Tinawoloka, sindinanene. Ndinadziuza kuti munthu sumuuza nkhani yotere ali ndi njala.

Ku Milange, kumene ife timangoti ku Vila, tinapeza galimoto za ku Guruwe zitapita kale. Tinagona panyumba ya alendo pafupi ndi msika, m'chipinda chimene chitseko chake chinkatsekedwa ndi msomali wopinda. M'mamawa tinakwera minibasi yokhala ndi zitsulo zomangira katundu pamwamba. Kondakitala ataona ndowa anatambasula dzanja kuti aikweze kumeneko pamodzi ndi matumba ndi njinga.

"Iyi sikwera pamwamba," anatero amalume.

"Ndiye mulipirire mpando, madala. Malo mulibe."

"Miyendo ndi yanga. Ikhala pamiyendo panga."

Anakangana mpaka anthu anayamba kulowerera, ndipo amene anathetsa nkhaniyo anali mayi wina wonenepa wovala mpango wakuda, amene anati ngati ndowa ikulipira ndiye mimba ya kondakitalayo ilipirenso. Minibasi yonse inaseka, kondakitala n'kugonja. Mayiwo anali a Asiyatu, a ku Chiringa konkuja, amene ankapita kukagula nyemba. Anakhala pafupi nafe, ndipo tisanatuluke m'tauni anali atadziwa kale mudzi wathu, kumene tikupita ndi matenda a amalume a Jowawo. Inenso, mwa chizolowezi changa, ndinali nditawauza kale kuti ndine mlembi wa komiti.

Msewu wa ku Molumbo ndi wafumbi ndi mabampu. Tinali anthu oposa makumi awiri m'galimoto ya anthu khumi ndi asanu, nkhuku pansi pa mipando, zenera limodzi lokha lotseguka. Amalume miyendo inachita dzanzi koma sanalole ngakhale ine kuwalandira ndowa. Titadutsa Molumbo pang'ono, tinamva chitsulo chikuti khoo pansi, galimoto n'kupendekera kumanzere. Dalaivala anasuzumira, anatukwana m'Chipwitikizi, ndipo anati sipuling'i yathyoka. Anaimitsa njinga yamoto n'kubwerera ku Molumbo kukafuna ina.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira cha m'ma teni mpaka dzuwa kupendeka. Amayi a m'mudzi wapafupi anabwera ndi nthochi ndi madzi a m'chitsime. A Asiyatu anayala chitenje chapatali n'kuswali, atabwerako anamasula mpunga wawo n'kutigawira. Kudikira kumatsegula pakamwa, ndipo posakhalitsa anafika pa ndowa.

"Koma bambo, chisoti chimenechi mukuchilera chonchi, munapha mbalame zingati kuti chikwane? Amuna anga malemu ankatchera ku Chilwa komweko, ndiye ndikudziwa kuti kakowa mmodzi satulutsa nthenga zambiri zabwino."

Amalume anasiya kudya.

"Mayi, m'menemu mulibe nthenga ya mbalame yophedwa. Ngakhale imodzi."

"Nanga munazipeza bwanji?"

"Kutola. Nthawi yachisanu mbalame zimathothoka zokha. Umalawira m'mamawa kudambo mphepo isanazimwaze, n'kumayang'ana m'mabango. Zambiri zimakhala zothyoka kapena zamatope. Ukapeza ziwiri zabwino pa tsiku, wachita mwayi. Bambo ankakana yophedwa. Ankati tchopa timavina popempha mvula ndi pothokoza, ndiye sungapite kukapempha utasenza magazi pamutu. Chisoti ichi chinatenga zaka zisanu ndi ziwiri."

"Zaka zisanu ndi ziwiri kutola nthenga?"

"Ine ndi akulu anga akudwalawo ndi amene tinkatumidwa. Ya vuwo ija anaipeza ndi iwowo. Inkayandama pakati pa thamanda, analowa madzi mpaka m'khosi, potuluka misundu ili thoo m'miyendo, koma nthenga ili m'mwamba, youma. Bambo anaika pakati chifukwa cha zimenezo. Ndi imene akuifuna kwenikweni, ine ndikudziwa."

Ndinakulira m'nyumba ya munthu ameneyu. Ndowa ija ndinkaiona pakona kuyambira ndili wa kabudula wong'ambika, ndipo nkhani imeneyi ndinkaimva koyamba pansi pa mtengo wa eni ake, m'dziko la eni ake.

A Asiyatu anatembenukira kwa ine. "A mlembi, zimenezi m'komiti mwanu mumazidziwa?"

"Timazidziwa," ndinanama.

Amalume anaseka pang'ono, osati mwaukali. "Uyu sanandifunsepo. Amabwera ndi mapepala ake n'kumatiwerengera. Komatu ntchito yawo ndi yabwino, mayi, musaone kuseka. Anyamata a masiku ano anali atazitha mbalame ndi maukonde. Ifenso kale malo oikira mazira sitinkapondako, ana awa angobwezeretsa zimene zinalipo. Ovina ena amaphadi, amenewo awaletse. Chimene anaphonya ndi zisoti zawo zija. Nthenga za nkhuku yodula khosi, n'kuzipaka utoto, ati tivinire. Ine ndinangoyang'ana, ndinati mwana akugwira ntchito, ndisamuchititse manyazi pagulu."

Anasisita chivundikiro cha ndowa n'kupitiriza kudya.

Ndinanyamuka ngati ndikukataya madzi. Kuseri kwa chulu ndinatulutsa foni kuti ndiimbire mkazi wanga, koma netiweki kunalibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo, chisoticho akanachitumiza ndi ndani? Ndikanatha kubwerera kumtengo kuja, kugwada, n'kunena. Tikanatembenuka ndi galimoto yoyamba, masiku awiri kupita, masiku awiri kubwera, mwina a Jowawo tikanawapeza ali moyo. M'malo mwake munabwera ganizo limene mpaka lero limandichititsa manyazi kuposa kusintha chisoti kuja. Ndinati, paja a Jowawo saona. Ndinaganiza kuti ndikawanong'oneza amalume a Labisoni pakhomo penipeni, adzakwiya, koma adzakhala chete kuti asakhumudwitse wodwala, ndipo zidzatha.

Dalaivala anabwera ndi sipuling'i yakale imene anaimangirira ndi mawaya ndi mphira. Tinayenda pang'onopang'ono ngati tikuperekeza maliro. A Asiyatu anatsika pamsika wina wa m'njira, natiuza kuti tikapereke moni kwa odwala. Minda ya tiyi inayamba kuoneka dzuwa likulowa, ndipo ku Guruwe tinagona kwa mwana wa amalume a Jowawo amene amakhala m'tauni. M'mawa anatitengera kumudzi, ulendo wa ola limodzi wapansi.

Ngakhale kunong'oneza kuja sindinakuchite. Panjira panali mwana wawo, pakhomo panali akazi awo ndi anansi, ndipo ndisanapeze mpata tinali titakhala kale pakhonde.

Amalume a Jowawo anawatulutsa atawagwira mbali zonse, n'kuwakhazika pamkeka atatsamira khoma. Anali atatha, maso ali oyera. Abale awiriwo analonjerana m'Chilomwe, atagwirana manja osasiyana, ndipo anafunsana za anthu amene ambiri anali atamwalira. Ine anandigwira kumaso n'kunena kuti ndatenga chipumi cha amayi anga. Madzi akumwa asanabwere n'komwe anafunsa.

"Wabwera nacho?"

"Ndabwera nacho, achimwene. Sichinachoke pamiyendo panga."

Amalume a Labisoni anamasula mphira pang'onopang'ono. Fungo la fodya litatuluka, a Jowawo anakoka mpweya n'kumwetulira, manja atatambasula kale. Chivundikiro chinachoka. Ndinaona nkhope ya amalume a Labisoni ikuyang'ana m'ndowa, nthenga zofiira ndi zobiriwira zili phuliphuli. Sanandiyang'ane. Anakhala choncho, manja ali m'mbali mwa ndowa.

"Bweretsa, Labisoni. Ukuchedwa chiyani?"

Sanathe kuwakaniza. Anachitulutsa n'kuchiika m'manja mwawo.

Zala za a Jowawo zinapita pakati, pamene panayenera kukhala nthenga yaitali ija. Zinafufuza, zinabwerera m'mbali, zinatsina nthenga imodzi kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Kenaka anachinunkhiza.

"Izi ndi nkhuku," anatero motsitsa.

Ndinatsika pampando n'kugwada pansi, ndipo ndinanena zonse, za komiti, za chipata, za thumba lili kudenga kwathu. Mawu amene anandikanika masiku awiri anatuluka mosavuta nthawi imene analibenso ntchito. Akazi awo anandiyang'ana n'kulowa m'nyumba.

A Jowawo anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Chilipo koma?"

"Chilipo, amalume. Chili bwinobwino."

"Nkhukuzi zinathothoka zokha?"

"Ayi. Zinaphedwa."

Anachitambasulira kutsogolo kuti wina achilandire, ndipo ndinachilandira ndine. Anapukuta manja pa malaya awo. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangotembenukira kumene kunali mng'ono wawo.

"Labisoni, ndiuze ndiwe. Yambira kumanzere."

Amalume a Labisoni anayamba kutchula nthenga imodziimodzi. Zitatu za kakowa, za ku thamanda la kumpoto. Ya tsekwe yopindika. Ziwiri za chiswankhono zimene anatola tsiku limene bwato linabowoka. A Jowawo anakweza manja m'mwamba, zala zikuyenda pa chinthu chimene panalibe, akugwedeza mutu. Pena anawadula.

"Ayi. Isanafike ya chiswankhono pali ya bakha, yaing'ono, yonyezimira. Unatola ndiwe, unalira kuti bambo aiikepo."

"Zoona, achimwene. Ndinaiwala."

Atafika pa ya vuwo, dzanja la a Jowawo linakwera m'mwamba kutalika kwa nthengayo, n'kuima pamenepo kanthawi. Ine ndinali chigwadire, chisoti cha nkhuku chili m'manja, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndidzuke.

Ndinalonjeza kuti ndibwera nacho ndekha mwezi usanathe. A Jowawo anati chabwino, mwa ulemu, monga mmene umayankhira mwana. Titabwerera kumudzi mvula inayamba, msewu wa ku Molumbo unaduka, ndipo ndikudikira kuti uume uthenga unafika woti atisiya. Chisoti cha agogo ndinakachipereka kwa amalume a Labisoni tsiku lomwe tinafika. Anachiyang'ana nthenga imodziimodzi, anachilowetsa m'nyumba, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso mpaka lero. Amandilankhula, amadya kwathu, ana anga amawakonda. Koma chisanu chikafika amapita okha kudambo m'mamawa, ndipo sanandiitanepo.

M'komiti ndikadalimo, ndipo malo oswanira timatsekabe. Zisoti za nkhuku tinasiya. Ndinawafotokozera anzanga chifukwa chake, ngakhale sindinawauze mmene ndinachidziwira.

Chimene chimandibwerera kawirikawiri si pakhonde paja ayi. Ndi m'mawa umene tinkachoka ku Guruwe. Tinapeza minibasi yomwe ija, sipuling'i itakonzedwa, kondakitala yemwe uja. Atationa anaseka, anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Madala a ndowa aja. Lowani nayo, lero sindilimbana nanu."

Amalume anamupatsira ndowa ija.

"Kweza pamwamba," anatero.